Pakamwa pa Bambo

Atangochotsa nsalu imene anaphimbira chithunzicho, Namapenti anamva mutu ukuwira. Munthu amene anali pamenepo sanali bambo ake. Anali bwana wina wovala suti yakuda, milomo yowongoka bwinobwino, akumwetulira ngati wotsatsa sopo.

Chithunzichi anachivutikira chilimwe chonse. Anajambula bambo ake momwe matenda opha ziwalo anawasiyira: pakamwa popotokera kumanzere, dzanja limene kale linkagwira sowo litangoti lobodo pamwendo. Eni nyumba yoonetseramo zojambula anali atasankha ntchito yake koyamba m'moyo wake, ndipo galimoto yawo inali kubwera tsiku lomwelo kudzachitenga.

Anatulukira pabalaza. Achimwene ake, oyamba kubadwa m'banjamo, anali phee akupukuta nsapato.

"Ndani wagwira chithunzi changa?"

"Sanagwire, wakonza," anayankha osadzutsa mutu. "Dzulo uli kogula penti ndinaitana uja amalemba zikwangwani zamasitolo. Kanthawi kochepa, bambo ayamba kuoneka ngati munthu."

"Uja amajambula nkhuku zooneka ngati ambulera? Achimwene, munayamba mwawasambitsapo bambo inu? Nkhope imene ija ndimaipukuta ndine m'mawa uliwonse. Inu mumangoima pakhomo n'kupereka moni ngati mwabwera kudzawerenga mita yamadzi."

"Ndiye ukaipachike pakhoma, anthu osawadziwa azikailoza chala?"

"Ine ndimajambula zimene ndikuona. Bodza sindijambula."

Chimene chinamuwawa kwambiri Namapenti si suti ija ayi, koma kumwetulirako. Bambo ake sanamwetulirepo choncho ngakhale ali bwino.

Ndodo inagogoda pansi. Bambo anali ataima pakhomo la chipinda chawo, atatsamira felemu ya chitseko imene anakhoma okha ali kalipentala. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Msiye mnzako. Ndinamutuma ndine."

"Bambo, musawaikire kumbuyo."

"Ndati ndine. Ndinakhala pampando paja chilimwe chonse. Unkayang'ana pakamwa panga, unkayang'ana dzanja langa. Sunandifunsepo ngati ndikufuna kuti anthu azione zimenezi. Anthu amene ndinawakhomera zitseko m'tauni muno akapita kumeneko. Akandione ndikuchucha dovu?"

Mkwiyo wa Namapenti sunathe. Unangosowa woti uugwere, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa. Anabwerera m'chipinda chake chojambulira n'kumenyetsa chitseko.

Ananyowetsa kansalu ndi thinala wosungunulira penti n'kuyamba kupukuta chithunzi chija. Popeza chithunzi chake anali atachipaka vanishi, penti wa wazikwangwani uja anali atangokhala pamwamba, ndipo sanavute kuchoka. Suti inasungunuka. Kumwetulira kuja kunatsalira pakansalu. Bambo ake enieni anabwerera, ndipo iye anaona kuti chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zimene anajambulapo.

Panja galimoto inaliza hutala.

Anaima kanthawi manja ali bii. Kenako ananyamula chithunzicho, n'kuchitembenuzira kukhoma, n'kutuluka.

"Pepani, chithunzi palibe," anauza dalaivala.

"Mayi, malo anu apatsa wina. Anthu aja saitana kawiri."

"Ndikudziwa. Pitani."

Pobwerera anadutsa achimwene ake osawayang'ana. Anaimika chinsalu chatsopano chojambulapo, n'kukoka mpando uja mwaukali mpaka miyendo yake inalira pasimenti.

"Bambo, bwerani. Khalani momwe mukufunira inuyo. Koma suti ya wazikwangwani, imeneyo iwalani."

Bambo anayenda pang'onopang'ono mpaka pampando. Analoza ndi ndodo bokosi lawo lazida limene linali pansi pa tebulo, litachita fumbi. Namapenti anatulutsa sowo n'kuwapatsa. Bambo anaigoneka pamiyendo ndi dzanja labwino lija, n'kumuyang'ana maso ndi maso, nkhope yonse poyera.

"Pakamwapa ujambule momwe palili," anatero. "Koma uyambe ndi sowoyi."