Mkono wa Loretha

Denetra anakhuthulira mapiritsi pabedi la malemu mayi awo. Anali ambiri, a miyezi itatu kapena kuposa. Anawapeza m'bokosi la chipewa choyera cha kutchalitchi, patangopita masiku atatu chiwaikire m'manda ku Greenwood.

Mkulu wake Loretha anaima pakhomo la chipinda, mbale ili m'manja: nkhuku yokazinga, makaroni ndi masamba ophikira nyama ya nkhumba yamchere. Amayi a mumpingo ankabweretsabe zakudya, ndipo kukana ukanakhala mwano.

Loretha sanadabwe. Anati ankadziwa. Mapiritsiwo anali a BP, ankawakodzetsa mayi awo pafupipafupi, ndipo mayi wokhala pampando wakutsogolo atavala zoyera sangadzuke katatu abusa akulalikira. Anayamba kudumpha kumwa mankhwalawo Lamulungu lokha, kenako masiku a kwaya, kenako masiku onse, mpaka mtima unaima.

"Ndiye inu munangokhala chete, achemwali?"

"Iwe unali ku Memphis. Umafuna ndiziwakanula pakamwa ngati khanda?"

Denetra anayang'ana mapazi otupa a mkulu wakeyo. Thupi linali la mayi awo lenileni, ndi kapumidwe komwe. Anamufunsa kuti anayezetsa BP liti. Loretha anati mutu ukumupweteka chifukwa cha maliro basi. Atamupanikiza, anaulula kuti papita zaka ziwiri. Tsiku limenelo kuchipatala lamba woyezera BP anakana kuzungulira mkono wake, ndipo namwino anausa moyo n'kufuula pakhonde kuti amubweretsere wa pantchafu. Onse amene ankadikira pabenchi anamva.

"Kumeneko sindidzapondakonso. Ife ndife a mafupa akuluakulu. Agogo analinso choncho."

"Agogo anapita ali ndi zaka makumi asanu. Inu zakutsalirani zingati?"

Loretha anati ngati wabwerera kudzamuwerengera masiku, msewu wa ku Memphis sunatsekedwe. Denetra anatsegula mwaukali kabati ya mayi awo n'kuyamba kuponya magolovesi ndi mipango m'thumba.

Pansi pa mipangoyo panali bokosi losatsegula: makina oyezera BP, a lamba wamkulu kwambiri. Pamwamba pake mayi awo analembapo ndi zilembo zawo zopendekeka: "Loretha. Uziyezera kuchipinda kwako, palibe akuone."

Denetra anapatsa Loretha bokosilo. Loretha anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Kenako anakhala pabedi n'kuyamba kupinda mkono wa diresi lake lakuda.

"Tseka chitsekocho," anatero.