Amene Anapha Mwini Hotela

M'chipinda chotsukira magazi a odwala impso munali mipando inayi, makina anayi ndi wailesi ya kanema imodzi yopachikidwa pakhoma. Odwala a m'mawa ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kukhala maola anayi mkono utalumikizidwa ku timapaipi. Munthu sungadzuke, sungatembenuke bwino, ngakhale kukanda msana n'kovuta. Chotsala n'kuyang'ana pakhoma basi.

Pa 10 Januwale, Lachisanu, teni koloko m'mawa, pakanemapo panayamba sewero la wapolisi wofufuza milandu, lotengedwa m'buku lakale. Linali la magawo khumi, gawo limodzi pa sabata. Nkhani yake inali ya mwini hotela amene anapezeka atafa m'chipinda chosungira katundu, chitseko chili chokhoma.

Aphunzitsi, amene anapuma ntchito ataphunzitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ankakhala pampando wachiwiri. Bukulo analiwerenga ali ku koleji, ndipo gawo loyamba lisanathe n'komwe aliyense m'chipindamo anali atadziwa zimenezi.

"Wapolisi ameneyu m'buku ndi nkhalamba yonenepa, yodwala mawondo," anatero. "Njinga yamoto imeneyi waitenga kuti? Ndipo mtsikana uyu akumumwetulirayu mulibemo."

"Aphunzitsi, tatilolani timve," anayankha Adalaivala pampando wachitatu. Iwowa anayendetsa malole akuluakulu moyo wawo wonse ndipo anali asanawerengepo buku lopanda zithunzi. "Inu munadya kale. Ife ndiye tangosamba m'manja."

Zinkatero sabata iliyonse. Atelala, mayi wa pampando woyamba, ankati seweroli likuchedwa, anthu ake amangomwa tiyi. Anamwino ankati wopha ndi mkazi wa malemuyo, chifukwa analira mopitirira. Adalaivala ankangoyang'anitsitsa, kukamwa kuli pululu. Akawafunsa Aphunzitsi kuti wopha ndani, iwo ankapukusa mutu monyadira.

"Mayankho sitipereka mayeso ali mkati."

Lachiwiri pa 4 Malichi, magawo asanu ndi atatu ataoneka, Adalaivala anafika mochedwa atanyamula envulopu. Anadikira kuti Anamwino amalize kuwabaya, ndiye n'kutembenuzira mutu kumpando wachiwiri.

"Lolemba likubwerali akunding'amba mtima ku chipatala chachikulu. Pa 10. Gawo lomaliza ndi pa 14."

"Mudzaonera komweko."

"Kumene adzandigoneke kulibe kanema, kuli mawaya okhaokha. Ndipo adokotala andisainitsa mapepala atatu, Aphunzitsi. Munthu sasaina mapepala atatu chifukwa cha chimfine." Anaseka pang'ono. "Ndiye musandivutitse. Ndani anapha mwini hotela uja?"

Aphunzitsi anatsegula pakamwa. Anaona chikuto cha bukulo, chobiriwira. Anaona benchi ya ku koleji imene ankawerengerapo. Anakumbukira mawondo a wapolisi uja. Koma dzina la wopha silinabwere. Anafufuza m'mutu monse, n'kupeza mbee.

"Ndikuuzani Lachisanu," anatero. "Muyambe mwaona gawo lachisanu ndi chinayi."

"Nkhanza zimenezo," anatero Atelala. "Munthu akupita kumpeni."

"Lachisanu," anabwereza Aphunzitsi, akuyang'ana nambala za pamakina awo ngati zili ndi nkhani.

Tsiku limenelo maola anayi anatalika. Anayesa kutchula anthu a m'seweromo mmodzimmodzi: mkazi wa malemu, mkamwini, wophika, kalaliki wa pakhomo. Aliyense ankaoneka ngati ndi yemweyo, kenako ngati si iye.

Lachitatu anadzuka n'kuyamba kutulutsa makatoni. Pansi pa bedi panali atatu, pamwamba pa wadiropu awiri, m'khonde lakuseri ena anayi amene anabwera nawo posamuka. Munali mabuku a masamu, mapepala a mayeso akale, malipoti a ana amene pano ali ndi zidzukulu. Akazi awo anaimirira pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

"Bambo, adokotala anati mkono umenewo musanyamulire zolemera."

"Ndikukoka, sindikunyamula."

"Bwanji osamuimbira mwana wanu ayang'ane pafoni? Mphindi imodzi akuuzani."

"Buku ndinawerenga ndekha, ndiye andiuze foni?"

"Munawerenga nokha, mwaiwalanso nokha."

Aphunzitsi anakhala pansi, n'kudzuka, n'kupita kukhonde, n'kubwereranso kukatoni imene anali ataiona kale. Madzi amene amaloledwa kumwa pa tsiku anawamaliza dzuwa lisanapendeke.

Bukulo linapezeka Lachinayi m'mawa, m'kabati ya mbale, pansi pa mapepala oyalira. Chikuto chinali chofiirira, osati chobiriwira. Linali la masamba 212, ndipo mkati munali dzina lawo ndi chaka chimene anamaliza koleji. Ankafuna kungotsegula kumapeto, koma manyazi anawagwira, choncho anayambira tsamba loyamba.

Pa tsamba 19 anakumana ndi munthu amene anali atamuiwaliratu: mlongo wake wamkulu wa mwini hotela, mayi wosamva bwino, wongokhala pawindo n'kumasoka mabatani a mayunifomu. Anaima kuwerenga. Pakanema paja mayi ameneyu panalibe. Magawo asanu ndi atatu onse, palibe anatchulapo kuti malemuyo anali ndi mlongo.

Anapitiriza mothamanga, chala chikutsogola. Cha m'ma fili koloko masana anafika pa tsamba 204. Wopha anali mlongo yemweyo.

Anatseka bukulo, n'kulitsegulanso. Masabata asanu ndi atatu akhala akudandaula za njinga yamoto, za mtsikana womwetulira, za mtundu wa chipewa, osaona kuti opanga seweroli anachotsa wopha weniweniyo. Ndiye kuti pa 14 mlanduwo udzagwera munthu wina, ndipo munthuyo m'bukumu mulibe njira yomudziwira.

"Mwapeza?" anafunsa akazi awo ali kukhitchini.

"Ndapeza."

"Nanga bwanji mukuzungulira tebulo?"

Aphunzitsi anaganiza zongosankha dzina. Wophika, mwachitsanzo. Adalaivala akanakhutira, n'kupita kuchipatala chachikulu mtima uli m'malo. Mwina sakanadziwa n'komwe kuti ananamizidwa. Ganizo lomalizali ndi limene linawachititsa kusiya chakudya m'mbale.

Lachisanu pa 7 Malichi analowa m'chipinda chija bukulo lili m'thumba la jekete. Gawo lachisanu ndi chinayi linayamba teni koloko n'kutha itatsala kota kuti ikwane leveni, ndipo Aphunzitsi sanalankhule ngakhale liwu limodzi.

"Lero mwadwaladi," anatero Atelala.

Adalaivala anapempha Anamwino kuti atsitse mawu a kanemayo. "Eya, Aphunzitsi. Mayeso atha. Perekani."

Aphunzitsi anatulutsa bukulo ndi dzanja lomasuka n'kuliika pamwendo.

"Lachiwiri lija sindinakubisireni. Ndinali nditaiwala. Ndawerenganso dzulo. M'bukumu anapha ndi mlongo wake wa malemuyo."

"Mlongo uti?"

"Ndi zimenezotu. Pakanemapa anamuchotsa. Ine sindinazindikire."

Atelala anaphulika kuseka mpaka paipi yawo inagwedezeka, makina n'kulira, Anamwino n'kuthamangira komweko akukalipa.

Adalaivala sanaseke. "Ndiye kuti simukudziwa."

"Sindikudziwa."

"Miyezi iwiri mukutisokosera."

"Ndi zoona."

Adalaivala anayang'ana kudenga. Aphunzitsi ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo akanavomera.

"Mvetserani kuno," anatero Adalaivala pamapeto pake. "Gawo lachitatu, mkamwini uja anauza wapolisi kuti wayendetsa galimoto usiku wonse kuchokera kutauni ina, wangofika kumene. Munaliona galasi lakutsogolo?"

"Ayi."

"Munali kalikiliki ndi chipewa. Galasilo linali loyera mbee. Munthu woyenda usiku wonse, galasi limadzaza tizilombo tophwanyika, umachita kupala. Ameneyo sanapite kulikonse. Galimoto inagona kuseri kwa hotela. Lero lino mwamuona m'mene anasinthira nkhope atatchula za makiyi a geti?"

"Mwina opanga seweroli anangoitsuka galimotoyo kuti ioneke bwino," anatero Aphunzitsi, asanadzigwire pakamwa.

"Mwina. Koma anaionetsa kawiri, pafupi. Nanga inu muli ndi china?"

"Ndilibe."

"Ndiye ndakhoza kapena ndalakwa?"

Aphunzitsi anafuna kunena kuti mwakhoza. Koma anapukusa mutu.

"Sindingachonge popanda mayankho. Koma mfundo yanu ikuposa zonse zimene ndalankhula m'chipinda muno. Pa 14 ndionera mpaka kumapeto. Pa 15 ndibwera kudzakuuzani."

"Mukandipeza."

"Ndikupezani."

"Mubwere ndi dzina, Aphunzitsi. Zoti m'buku zinali mwakutimwakuti mukazisiye pageti."

Adalaivala anamasulidwa ku makina itangokwana thwelofu. Anadina thonje pamkono, anavala jekete phewa limodzi, n'kugwira chanza Atelala, amene anawauza kuti wopha ndi wophika ndipo Adalaivalawo adzachita manyazi akadzuka ku opaleshoni. Pakhomo anatembenuka.

"Mkamwini!" anakuwa, n'kutuluka.

Makina a Aphunzitsi anali ndi mphindi makumi awiri zotsala. Anayang'ana mpando wachitatu, umene wantchito anali atayamba kale kuupukuta, ndiye n'kuitana Anamwino.

"Kuchipatala chachikulu, odwala mtima amaonedwa nthawi yanji Loweruka?"

"Kuyambira wani koloko mpaka thuu. Koma ngati adzakhale adakali m'chipinda cha odwala kwambiri, amalola achibale okha."

"Ndidzanena kuti ndine mkulu wawo."

"Inu, kunama?"

"Tandibwerekani cholembera."

Analemba nthawiyo kuseri kwa bukulo, n'kufunsanso kuti basi yopita kumeneko amakwerera pati.