Kabowo ka Pansi pa Mabatire

Wailesi ya kunyumba kwa a Gerevazio inali ndi chilema, ndipo chilemacho anachiitanitsa ndi eni ake omwe. Chinali chaka chija anthu ankatola mapepala m'misewu mamawa, matipate asanaloledwe. Mwana wawo Petulo, mmodzi yekhayo, ankasonkhanitsa anzake kuseri kwa nkhokwe n'kumamvera mawailesi akunja. Kenaka kunabwera anthu kudzamufunsa, iye n'kudumphira ku Mozambiki, pafupi pomwepa, osatenga ndi jekete yomwe. Ena ankati anapitirira mpaka ku Joni.

Nthawi imeneyo a Gerevazio ankagwira ntchito yaboma yodulira mapaini kuphiri la Dedza, ndiye mantha anawagwira. Ananyamula wailesi ija ulendo ku Boma kwa Che Shaibu, wokonza mawailesi ndi mawotchi, n'kukawauza kuti, "Ipheni mbali yakunjayi. Itsale yakwathu kuno yokha." Pobwera nayo, kabatani kam'mbali kaja panalibe, pamalo pake atamatapo pulasitiki wakuda, manambala am'munsi atapakidwa penti. Aliyense woiona ankangoona wailesi ya khutu limodzi.

Matipate anabwera, anthu anavota, zitenje zamitundumitundu zinadzaza msika. Othawa ena anabwerera. Petulo ayi. Kalata ayi. A Gerevazio anadikira, anadikira, mpaka kudikirako kunasanduka mkwiyo, n'kuuza akazi awo, a Jesinta, kuti dzina limenelo asalimvenso m'nyumba mwawo. A Jesinta anali munthu woti ukamukalipira amangopitiriza kusenda mbatata yake.

A Jesinta anamwalira m'nyengo yozizira, masiku aja nkhungu imachoka ku Chongoni n'kudzakhala pakhomo mpaka masana. Anadwala chifuwa, osati nthawi yaitali. Maliro atatha, anthu atabalalika, a Gerevazio anatsala m'nyumba ya pachikamwini, m'mudzi wa eni, ndi mphasa ndi wailesi. Sankaitsegula n'komwe.

Tsiku lina kunabwera alamu awo a Ignasio, mlongo wake wa malemu, amene anali mwini mbumba. Anakhala pakhonde, n'kuyamba ndi za kuzizira, za mbewu ya kachewere, kenaka n'kufika pamene anadzera.

"Alamu, tsiku lometa layandikira. Tikameta tigawa za malemu, inunso tikusudzulani, mupite kwanu ndi mtendere. Koma mwana uja? Timeta bwanji maliro a mayi ake iye osadziwa?"

"Ali moyo kodi?"

Funso limeneli linangowapulumuka a Gerevazio. Linali litakhala pakhosi zaka zonsezo, ndipo litatuluka anazindikira kuti china chimene ankafuna padziko pano panalibe. Osati kalata, osati bulangete la ku Joni. Kungodziwa basi ngati Petulo akupuma.

"Mwana wa a Yohana, anzanu a bawo aja, wabwerako ku Joni," anatero a Ignasio. "Sanamuone, Joni si mudzi. Koma akuti anthu akwathu amapereka moni pa wailesi ya kumeneko, ya Chichewa, Lamulungu dzuwa likapendeka. Kungoti m'mudzi muno yogwira kutali inali yanu yokhayi, ndiye inu munaithena."

Anaseka pang'ono a Ignasio, n'kusiya ataona kuti akuseka okha. Ponyamuka anakumbutsa kuti wailesiyo anagula ndi malemu atakolola mbatata, choncho pogawa idzatsala kuchikazi. A Gerevazio anangogwedeza mutu. Zimenezo ankazidziwa.

M'mawa mwake anaikulunga m'chitenje cha malemu, n'kutsetsereka ndi kanjira ka otola nkhuni mpaka kumsewu. Che Shaibu anawapeza pamalo pawo pomwe paja, pakhonde la sitolo, tebulo lodzaza ndi mawailesi ong'ambidwa mimba. Anali atakalamba, ndevu zitachita mbuu, magalasi omanga ndi waya.

"Pepani madala, ndinamva," anatero Che Shaibu, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Mulungu anapereka, watenga. Khalani apa, musakhalire sipikalayo, mwini wake ndi wolongolola."

A Gerevazio anamasula chitenje. "Mukuikumbukira?"

"Mwana wanga ndingamuiwale?"

"Munaipha. Lero ndabwera kuti muidzutse."

Che Shaibu anaitembenuza, anaiyang'ana, anapukuta fumbi ndi chala.

"Madala, ine ndine Msilamu, nkhumba sindidya, bodzanso limandivuta kumeza. Wailesi iyi sinafepo."

"Bwanji? Si ndinakuuzani ine?"

"Munandiuza inu m'mawa. Masana kunabwera akunyumba kwanu."

Ndiye anafotokoza. Tsiku lomwelo a Gerevazio atasiya wailesi n'kupita kuphiri, a Jesinta anatulukira ndi dengu pamutu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anati, achimwene, musaphe. Bisani. Mwana wanga akakhala moyo adzalankhulira m'menemo, poti ndi m'mene amakonda. Che Shaibu anakana, a Jesinta anakhala pansi pompo, n'kunena kuti sachoka. Ndiye Che Shaibu anachotsa kamutu ka batani, chotsalacho n'kuchikankhira m'kati, pamwamba n'kumatapo pulasitiki.

"Taonani kuno."

Anatsegula kumbuyo, n'kuchotsa mabatire. Pansi pake panali kabowo kakang'ono ngati koboola nankafumbwe. Anatenga kamtengo ka machesi, kulowetsa, kukankhira kumanzere. Kunamveka kuti tha.

"Basi, yatseguka. Mukatha, mukankhire kumanja, yabwerera kwathu kuno. Ngakhale abwere wamakutu aatali bwanji, aitembenuze mpaka mawa, sapeza kanthu."

"Nanga manambala? Si munapaka penti?"

"Mayi aja manambala ankawadziwa? Ndinawasiyira ichi." Analoza kadontho koyera pagalasi, pakati pa penti wakuda. "Singano ikafika apa, imani."

A Gerevazio anasendeza nkhope pafupi. Kadontho kameneko ankakadziwa bwino. Ankayesa chitosi cha ntchentche, ndipo anakapalapo kangapo ndi chikhadabo, osachoka.

"Ankamvera liti? Ine ndili kuti?"

"Inu? Lamulungu lililonse ku bawo, kukadyedwa ndi a Yohana. Dedza yense amadziwa."

"Sankandidya masiku onse."

"Ayi, ena munkadwala."

A Gerevazio anafuna kuseka, koma anangotembenuza nkhope. Anayang'ana kumsewu, kwa amayi ogulitsa kachewere, mpaka maso anauma.

"Ndiye anamumva?"

"Anamumva. Inenso ndimamvera kuno, ndinamumvapo kangapo. Akamumva ankabwera tsiku la msika, osalankhula kanthu, kungondisiyira mbatata patebulo pano."

"Bwanji osandiuza ine?"

"Munati dzinalo musalimve. Mkazi wanu anali womvera, madala. Kungoti ankamvera zonse ziwiri, inu ndi wailesi."

"Nanga iye osalemba bwanji?"

"Munthu wopanda mapepala ku Joni alibe keyala. Lero agona uku, mawa uko." Che Shaibu anavula magalasi. "Koma ndisakunamizeni. Komaliza ndinamumva mvula isanayambe. Kuchokera apo, zii. Ndipo kumeneko mukudziwa, anthu amafa ngati nkhuku za chitopa. Mayi aja anapita ali ndi nkhawa imeneyo."

A Gerevazio anafunsa za malipiro, Che Shaibu anawabweza ndi dzanja. Anangowapatsa bokosi la machesi, n'kuti mabatire akawayanike padzuwa, afooka.

Lamulungu litafika sanapite ku bawo. Anakhala pakhonde, anachotsa mabatire, analowetsa kamtengo. Koyamba kanathyokera m'kati, anachita kukatokosa ndi minga. Kachiwiri kanatheka. Anayendetsa singano pang'onopang'ono kudutsa m'phokoso ngati la mvula pamalata, azungu akulankhula, Apwitikizi akuimba, mpaka pakadontho paja. Pamenepo panatuluka mawu a munthu wolankhula Chichewa, akubwera n'kumapita ngati akulankhulira kutsidya kwa dambo kuli mphepo. Anawerenga moni wa anthu a ku Ntcheu, a ku Mangochi, a ku Mzimba ambirimbiri. Wa ku Chongoni panalibe.

Tsiku lometa linakwana. Anameta onse, mitu ili mbee, mphepo ya kuphiri n'kumawalasa, amuna akulimbirana zipewa. Anatulutsa za malemu pamphasa: zitenje, mapoto, makasu, nsapato za kutchalitchi. Wailesi inapita kwa a Ignasio. Akuluakulu anayankhula mawu osudzula, kuti mkamwini uyu anatisungira mwana wathu bwino, alibe mlandu, apite momasuka. A Gerevazio anawomba m'manja mwaulemu, kenaka anapempha kuti anenepo kamodzi.

Anatenga wailesi ija pamaso pa anthu onse, anachotsa mabatire, n'kuonetsa kabowo.

"Alamu, katundu ndi wanu, koma ali ndi khomo lakuseri. Anaboola ndi mlongo wanu."

Anthu anaunjikana kudzaona. Amayi ena anagwira pakamwa. Akazi a a Ignasio anati, "Ndiye chifukwa chake! Lamulungu ukamuitana kokacheza ankati mutu ukuwawa. Zaka zonsezi ine kumamufunira mankhwala a mutu!" Anthu anaseka, ena akupukuta misozi, poti kunali kuseka koyamba pakhomopo chichitikire maliro.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero a Gerevazio. "Mwandimasula, ndikupita kwathu. Koma Lamulungu muzindilola ndizibwera kudzakhala pakhonde panu."

"Wosudzulidwa sabwererabwerera, alamu, anthu angati mwaiwalako china," anatero a Ignasio. Anakanda mutu wometawo. "Koma khonde si nyumba. Muzibwera. Mabatire muzigula ndinu."

Kwawo kwa a Gerevazio kunali kuseri kwa phiri. Anakafikira m'kanyumba ka mphwawo, n'kuyamba moyo wa munthu wobwerera kwawo atakalamba, wosadziwa ana a m'mudzi mwake momwe. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankadutsa m'nkhalango ndi ndodo, mabatire m'thumba la jekete, machesi m'thumba linalo. Pakhonde la a Ignasio ankapeza anthu atakhala kale. Poyamba ankabwera ambiri. Masabata atapita osamveka kanthu, anayamba kuchepa, mpaka kutsala eni khomo ndi iwo. Kuzizira kunatha, mphepo ya fumbi inayamba, mapichesi anachita maluwa. Tsitsi linamera. A Ignasio anati abwezeretse batani kwa Che Shaibu, zobisa zinatha kale, koma a Gerevazio anakana. Anati kamtengo kakukwana.

Lamulungu lina kunatentha, anthu atayamba kusosa m'minda. Akazi a a Ignasio ankasola nyemba, amuna awo akuwodzera chotsamira khoma. Wowerenga uja anatchula wa ku Balaka, anatchula wa ku Nkhata Bay, mawu n'kuzilala, n'kubweranso.

"...Petulo Gerevazio, ali ku Benoni, akupereka moni kwa mayi ake a Jesinta ku Chongoni, m'boma la Dedza. Akuti amayi pepani ndinakhala chete, ndinavulala mwendo kuntchito koma tsopano ndikuyenda. Akuti mbatata musagulitse yonse, chaka chino ayesetsa abwere pa Khirisimasi."

Kenaka nyimbo.

Lichero la nyemba linagwa. A Ignasio anadzidzimuka, akufunsa kuti wati chiyani, wati chiyani, akazi awo akulira n'kumabwereza mawu aja mosokoneza. A Gerevazio sanasunthe. Anali atagwira wailesi ndi manja awiri, khutu lili pasipikala, ngati mwina munthu uja abwereranso kudzawonjezera. Sanabwerere. Nyimbo itatha anapitiriza ndi wa ku Kasungu.

"Za bambo ake sanatchuleko," anatero mayi aja chapansipansi, akutola nyemba.

"Wavulala mwendo," anatero a Gerevazio. "Koma akuyenda. Mwamva? Akuyenda."

Kenaka anaika wailesi pansi bwinobwino, n'kupukuta nkhope ndi chipewa.

"Alamu, mundibwereke njinga. Mawa ndilawirira kwa Che Shaibu, akandilembere kwa awailesiwa. Mwanayu asadzatsike basi ndi nsalu ya mayi ake m'chikwama n'kumva za maliro kwa anthu a pamsika."

"Zoterezi n'zonenera pa wailesi, dziko lonse likumva?"

"Nanga tinenera pati? Ndi khomo lokhalo limene tili nalo."

A Ignasio anaganiza, n'kuvomera ndi mutu. "Ndiye akalembe kuti uthengawo wachokera kwa yani? Kwa ine malume ake?"

"Kwa ine. Akaipidwa, aipidwe, bola amve. Ndikamuuzanso kuti mbatata ikadalipo, abwere ndithu."

A Ignasio analowa m'nyumba kukatulutsa njinga. Tayala lakumbuyo linali lophwa, ndiye anatuma akazi awo kukabwereka pampu kwa a Yohana, kuti akawauzenso nkhaniyo.