Kiyi wa Pageti Patebulo la Gudumu

Kodi mtsikana amene watsimikiza mtima kuti tsiku lina adzayendetsa kasino yonse, kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda cha makamera, angasankhe maphunziro ati kukoleji? Taganizirani kaye. Anzake a kuntchito ankati asankha masamu, ndipo sankalota. Iwo ndi amene anamupatsa dzina loti Mphezi, chifukwa kampira kakangoima pagudumu la njuga limene ankayendetsa m'kasinomo, iye amakhala atadziwa kale zoyenera aliyense, wopambanayo asanatsegule n'komwe pakamwa. Mlongo wake ankati zamalamulo. Bambo ake, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu, ankati maphunziro alionse ndi abwino bola amutulutse m'nyumba ya njuga ija.

Nkhani inagona pamenepo. Koleji inali itamulandira ndipo inkafuna yankho sabata yomweyo. Mphezi sankaopa mayeso kapena ntchito, koma sankafuna kukalowa m'kalasi bambo ake atamufulatira. Iwo anali atanena mosapsatira: "Ngati ukukaphunzira kuti ukakhazikike kukasinoko, upite wekha. Ine mulibemo."

Chidani chawo ndi kasino chinayamba tsiku limene Mphezi anawapatsa yunifomu yake kuti aibweze m'chiuno. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anafunsa, "Matumba ali kuti?"

"Sitivala za matumba, bambo."

"Ndiye kuti nonsenu akukuyesani akuba. Ine ndasoka zovala za alonda, za ophika, ngakhale za akwaya, koma munthu wopanda thumba sindinamuonepo."

Masana ena sabata imeneyo, m'kasino munali anthu ochepa. Mpweya wozizira unkatsika kuchokera kudenga, makina a njuga a kukhoma ankangolira okha ngati anapiye, ndipo patebulo la Mphezi panali amuna awiri ndi mayi wina wa wigi yofiirira. Atakweza maso anaona jekete limene ankalidziwa kuyambira ali mwana. Anali bambo ake, ataima pakapeti ngati munthu amene akuopa kuponda maluwa. Mlonda wa pakhomo anangowalozera ndi mlomo kumene kunali tebulo, n'kubwerera pafoni yake.

Bambowo anafika atatambasula kale dzanja. "Mwanawe, loko wa pageti wafa, ndagula wina. Landira kiyi wako."

Akanatha kusiya kiyiyo kwa aneba, ndipo Mphezi anadziwa kuti abwera kudzaona malowo ndi maso awo. Koma patebulo pali lamulo lake. Woyendetsa masewera salandira kanthu kuchokera m'dzanja la munthu, sapereka moni wa chanza, ndipo m'bale wake akafika pamenepo amaitana woyang'anira n'kuchokapo. Kamera ya kudenga sidziwa kuti awa ndi bambo a munthu. Imangoona dzanja likupatsira dzanja.

"Ikani patebulo, bambo."

"Wati chiyani?"

"Ikani pansalupo. Sindingalandire m'manja."

Mmodzi wa amuna aja anaseka. "Madala, kiyi ameneyo mukubetcha pa nambala yanji? Ndi nyumba yonse kapena geti lokha?"

Mayi wa wigi naye anaphulika ndi phwete. Mphezi anakweza dzanja, ndipo woyang'anira matebulo, bambo wa maso aakulu amene onse ankamutchula kuti Kadzidzi, anafika. Monga mwa lamulo, Mphezi anaomba m'manja kamodzi, anaonetsa zikhatho zake kudenga, anazitembenuza, n'kubwerera m'mbuyo. Atangotero anazindikira mmene zinaonekera kwa bambo ake: ngati mwana amene akusasa fumbi la kholo lake pamaso pa anthu. Iwo anaika kiyi uja pansalu pang'onopang'ono ngati dzira, anakonza kolala ya jekete, n'kutuluka osacheuka.

"Wachita bwino," anatero Kadzidzi. "Palibe pamene walakwitsa."

"Ine sindinalakwe, abwana, koma nyumba ino yalakwa. Munthu wamkulu wayenda kuchokera pakhomo mpaka pano popanda womufunsa chimene wadzera. Ndipatseni nthawi yanga yopuma panopa, ndi tebulo limodzi kumalo omwera tiyi."

"Wayamba kale kulamula, kukoleji usanapondeko?"

"Ndikuyeserera mpando wanu."

Kadzidzi anamuyang'ana ndi maso ake aja, kenako anatola kiyi. "Uyu ndikakuikira m'kabati mwako. Pita. Koma bambo ako asayandikire gudumu."

Mphezi anawapeza bambo ake pasiteji ya basi, padzuwa, thukuta likutsika m'khosi koma jekete osavula.

"Kwanu kuja ndi kumene mwana amanyansidwa ndi dzanja la bambo ake?" anafunsa osamuyang'ana.

"Tiyeni mulowenso, bambo. Ulendo uno wokutengani pakhomo ndine."

"Kuti akamalize kundiseka?"

"Wina akakusekaninso, ndisiya ntchito lero lomwe, ndipo ndikaphunzira chimene inu munganene."

Basi inafika, kondakitala anaitana mpaka kutopa, basi inapita. Bambowo anatsala.

Pakhomo Mphezi anaima pamaso pa mlonda uja mpaka foni inalowa m'thumba. "Awa ndi bambo anga, abwera kudzaona kumene ndimagwira ntchito." Mlondayo anapereka moni wa ulemu wake wonse, n'kutsegula chitseko mpaka kumapeto. Mphezi anawadutsitsa m'mbali mwa khoma, kutali ndi matebulo, anawakokera mpando pamalo oti aziona chipinda chonse, ndipo anawathirira yekha tiyi.

"Tsopano muziyang'ana tebulo lapakatilo," anatero.

Panafika bambo wina wonenepa, wa wotchi yonyezimira. Anatambasula dzanja kwa mtsikana woyendetsa makadi, ndipo mtsikanayo anagogoda pansalu ndi chala. Bamboyo anaika ndalama zake pansi mosadandaula.

"Uyo wavala suti ya ubweya weniweni," ananong'ona telalayo. "Nayenso akumuikitsa pansi?"

"Aliyense. Ngakhale mwini kasino atabwera."

"Nanga kuomba m'manja kuja?"

"Ndimaonetsa kamera kuti ndachoka manja ali mbee. Palibe angadzandinamizire mawa. Lamulolo ndi labwino, bambo. Choipa n'chakuti munakumana nalo popanda wokuuzani."

Bambowo anamwa tiyi, maso ali pa munthu wina amene ankakanikiza batani la makina atagwira mutu ndi dzanja linalo.

"Nanga uyo? Kwawo akumudikira ana. Masamu akowo amuthandiza chiyani?"

"Samuthandiza. Ameneyo akufunika munthu woti amuone msanga, akhale naye pansi ngati mmene takhaliramu, amuuze kuti lero zakwana, n'kumuperekeza pakhomo asanagulitse nsapato. Gudumu silingachite zimenezo, kamera nayonso ayi. Ntchito imene ndikufuna ine ndi imeneyo. Masamu ali kale m'zala zangazi, koleji ikandipatse zimene ndilibe."

Anatembenuka n'kukodola Kadzidzi, n'kumulozera munthu uja ndi maso. Kadzidzi anapita, anawerama pambali pake, ndipo patapita kanthawi awiriwo ananyamuka limodzi kulowera kukhomo.

Telalayo anazungulitsa kapu yake pasosala kwa nthawi yaitali.

"Njuga sindidzaikonda, mwanawe."

"Sindikukupemphani kuti muikonde."

"Ndipo yunifomu yopanda matumba ndi yunifomu yosamaliza kusoka." Anapumira m'mwamba. "Koma nyumba ino ikusowa mwini, zimenezo ndaona ndekha. Ukamapita kukalembetsa undidzutse. Sindikufuna akakulozere ndi mlomo ngati mmene andichitira ine."

Kutacha anakwera basi limodzi, bambo kuwindo, mwana pambali. Ku ofesi ya koleji mayi wolembetsa anafunsa chimene wasankha, ndipo Mphezi anayankha mokweza kuti bambo ake, amene anaima pakhomo atagwira chipewa, amve bwinobwino. Analembetsa maphunziro a kasamalidwe ka alendo ndi kayendetsedwe ka mahotela.