Akondakitala, Mwandidumpha

Kalaliki sankafuna kupita. Loweruka masana munthu amene wakhetsa thukuta sabata yonse amayenera kupuma, osati kukakhala m'holo ya laibulale kumamvera anthu akukamba za m'mabasi. Koma mlongo wake anaimba foni katatu, ndipo kachitatuko sanapereke ndi moni womwe.

"Achimwene, bambo alembetsa dzina, akayankhula pagulu. Mukapanda kubwera, ine ndi inu tisiyana pomwepo."

Ndiye anapita, atavala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Dzina loti Kalaliki linamukanirira kuyambira chaka chimene anayamba ntchito kukampani ya inshuwalansi. Tsopano anali ndi ofesi yakeyake ndi galimoto lomwe, koma kwawo palibe anadzivuta kumukweza udindo.

Holo inali yodzaza. Mipando ya pulasitiki, fani imodzi yozungulira mwaulesi, ndipo kutsogolo kunali mayi wamagalasi woyendetsa mwambo, atagwira belu lochotsedwa m'basi yakale. Malamulo anali awiri: nkhani ikhale yoona, yokuchitikira iwe mwini m'basi, ndipo belu likalira utsike. Namwino wina anafotokoza mmene anagonera paphewa la munthu wosamudziwa, munthuyo n'kupitirira siteji yake poopa kumudzutsa. Telala wina anasimba nkhondo ya zenera, iye kutsegula, mnzake kutseka, mpaka galasi linagwera panja onse n'kukhala chete ngati ana olakwa. Kalaliki anaseka nawo, n'kuyamba kuganiza kuti mwina sanataye tsiku.

"Wotsatira ndi a Sunthani," anatero mayi wa belu.

Holo yonse inachita phokoso. Bambo ake a Kalaliki anagwira ukondakitala zaka makumi atatu ndi ziwiri m'mabasi a mumzindamo, ndipo panalibe wokwera basi amene sankadziwa mawu awo aja akuti, "Sunthani kumbuyo, malo alipo!" Anthu anawakuwira mawu omwewo pamene ankakwera masitepe pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo. Atafika anakana mpando, anaima atatangadza miyendo ngati pansi pakuyenda.

"Ntchito yathu ili ndi lamulo limene simungalipeze m'buku," anayamba motero. "Wako akakwera, sumupatsa moni, nthawi yake palibe. Umangomudumpha. Umatenga kwa uyu, umatenga kwa uyo, pa iye umagogoda mpando kawiri n'kudutsa. Tikiti yake umadula wekha mukafika kudepoti. M'basi yodzaza, ndiyo njira yokhayo yonenera kuti ndakuona, mwana wanga. Tsono ndikuuzeni za tsiku limene ndinadumpha munthu, iye n'kukana kudumphidwa."

Kalaliki anasiya kuseka. Tsiku limenelo ankalidziwa kuposa tsiku la ukwati wake.

Zinali zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, mwezi wake woyamba pantchito. Anakwera basi ya m'mawa ndi anzake awiri a kuofesi, anyamata onunkhira perefyumu, ana a anthu. Iye anali atawauza kuti bambo ake ali m'zamathiransipoti, n'kuwasiya aziganiza za malole. Sanadziwe kuti tsikulo bambo ake awasinthira msewu. Anangoona yunifolomu ya khaki yothetheka kolala ikubwera m'kanjira ka pakati, kachikwama kachikopa pachifuwa, thukuta lili chuchuchu. Anali bambo ake. Anatenga kwa mnzake woyamba, anatenga kwa wachiwiri, pa iye anagogoda mpando kawiri, monga ankachitira kuyambira iye ali kupulayimale, n'kudutsa.

"Iwe, bwanji sanakufunse?" anatero mnzake uku akuseka. "Ndi m'bale wako kodi mdala ameneyu?"

Akanatha kungoti inde. Mawu amodzi, osalemera n'komwe. Koma anakweza dzanja, n'kuitana ndi liwu limene anthu amaitanira woperekera zakudya:

"Akondakitala! Mwandidumpha."

Bambo ake anatembenuka. Sanamuyang'ane nthawi yaitali. Anang'amba tikiti, n'kumupatsa ndi manja awiri. "Pepani bwana," anatero. "Maso akukalamba." Ndipo kuchokera tsiku limenelo nkhaniyo sinatulukepo pakati pa awiriwo, ngakhale pamaliro a mayi ake pamene anagona chipinda chimodzi masiku atatu.

Tsopano inali kutuluka, pamaso pa anthu oposa zana. Kalaliki anayang'ana kuchitseko. Chinali kutali, ndipo mlongo wake anali atatsekereza njira ndi chikwama chake chachikulu. Anaweramitsa mutu kudikira chikwapu, ndipo mumtima anavomera kuti chinali chomuyenera.

"Ndikumva mawu kumbuyo kwanga," bambo ake anapitiriza, "akuti, akondakitala, mwandidumpha! Kucheuka, ndi mwana wanga weniweni, ali m'tayi. Ndinati ee, koma ndabereka munthu ine! Inu mukudziwana nokhanokha mmene mumachitira. Wina kubisala kuseri kwa nyuzipepala. Wina kugona tulo tadzidzidzi, ine ndikangodutsa wadzuka. Wina kuyang'ana pazenera ngati kunja kukuchitika ukwati." Anthu anafa nalo phwete, ena akulozana zala. "Zaka makumi atatu ndi ziwiri, amene anandiitana kuti ndibwerere ndi mmodzi yekha. Wokana zaulere ngakhale kwa bambo ake omubereka. Ndi uyo wajeketeyo. Taimirira mwanawe, anthu akuone."

Chikwapu akanachipirira. Koma m'manja! Holo yonse inawomba m'manja, ena kuimba mluzu, ndipo Kalaliki anapezeka ataimirira, makutu akutentha ngati wawayandikitsa pambaula. Mlongo wake ankapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Mayi wina kumbuyo anamusisita pamsana n'kunena kuti anthu ngati iye anatha kale padziko. Manyazi amene anamva apo sanawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku la basi lija.

Mayi wa belu anatsika n'kumubweretsera maikolofoni. "Bwana, simuwonjezerapo kanthu?"

Anailandira. Inali yofunda, yochokera m'manja mwa bambo ake. Chilungamo chonse chinali pakhosi, chongofunika kuchikankha pang'ono. Anayang'ana nkhope zomwetulira zija, ndipo mantha omwe aja a m'basi anamugwiranso, osakalamba ndi tsiku limodzi lomwe.

"Zikomo," anatero, n'kukhala pansi.

Mwambo utatha, mlongo wake anathamangira kuntchito yake ya kusitolo. Kalaliki anatsegulira bambo ake chitseko cha galimoto, koma iwo anapukusa mutu.

"Ndabwera pabasi, ndibwerera pabasi. Galimoto lakoli mulibe wocheza naye."

Anatseka galimoto n'kuwatsatira kusiteji. Anakhala pabenchi lachitsulo, pansi pa denga lobooka. Basi inachedwa monga mwa masiku onse, ndipo Kalaliki anaona kuti akapanda kuyankhula tsopano adzafa nazo.

"Bambo, sizinali choncho."

"Chiyani?"

"Tsiku lija. Sindinakuitaneni chifukwa cha chilungamo. Ndinkachita nanu manyazi. Anzanga aja anandifunsa ngati ndinu m'bale wanga, ndiye ine..."

"Ndinamva," anatero bambo ake, maso ali kumsewu. "Ndinali pampando wachitatu pokha kuchoka pa iwe. Kondakitala amamva ndalama yachitsulo ikagwa kumbuyo kwa basi injini ikulira, ndiye akalephere kumva mwana wake?"

Kalaliki anasowa poyang'ana. "Nanga bwanji mwanena zija? Lamulo linali loti nkhani ikhale yoona."

"Mayi ako anandiona nkhope madzulo ake, anandifunsa chavuta n'chiyani. Ukanafuna ndiwauze chiyani? Ndinawauza mmene ndanenera leromu. Anasangalala, anauza mpaka anzawo a kumpopi. Apita akudziwa choncho." Anasisita bondo. "Kudepoti ndinakamba chimodzimodzi, chifukwa dalaivala anaona zonse pagalasi. Ndaikamba zaka khumi ndi ziwiri nkhani imeneyi, mpaka masiku ena ndimaikhulupirira. Pamene unagwira maikolofoni paja mtima unali m'mwamba. Ndinati mwana uyu andilanda ndi imeneyi yomwe."

"Ndikhululukireni, bambo."

"Zinatha kale izo. Koma usakandikonzere nkhani yanga kwa mlongo wako. Inayo sunga wekha, ndi katundu wako."

Basi inafika ikutsokomola utsi. Anakwera, anapeza malo awiri kumbuyo, pamwamba pa tayala pamene mawondo amafika pachibwano. Kondakitala anali mayi wojintcha, wa kachikwama kachikopa ngati kaja. Ataona a Sunthani anamwetulira, chifukwa ndi iwo anamuphunzitsa ntchito. Sanapereke moni. Anagogoda mpando wawo kawiri, kenako anayang'ana bwana wajekete amene anakhala pambali pawo, dzanja atatambasula.

Kalaliki anali atatulutsa kale ndalama. Asanaipereke, bambo ake anayankhula mokweza, ndi liwu lija lodzaza basi, mpaka anthu a kutsogolo anacheuka.

"Uyu ndi wanga."

Mayiyo anabweza dzanja, anagogoda mpando kawiri, n'kudutsa. Kalaliki anafumbata ndalama ija, nkhope ikuyaka, anthu akumuyang'ana jekete ndi nsapato zonyezimira. Sanaitane. Atafika pasiteji ya bambo ake, potsika anawagwira mkono.