Kope la ku Dedza

"Lachinayi supita kulikonse," anatero Miriam akutsuka makapu. "Thupi la bambo lili kumotchale ku Woolwich, iwe ukuganiza za Chifalansa?"

Dyna, mng'ono wake wa zaka khumi ndi zinayi, anaima pakhomo la khitchini atakumbatira chikwama cha kusukulu. Pabalaza masofa anali atakankhidwira kukhoma, amayi a mvano atakhala pansi akuimba motsitsa kuopa aneba. Linali tsiku lachitatu chimwalirire bambo awo, a Biswick, dalaivala wa basi amene akaseka, dera lonse la Thamesmead linkadziwa kuti aweruka. Mayi ake a Dyna anangofunda chitenje kumutu, zonse atasiyira Miriam, mwana woyamba wa malemu.

"Koma asisi, ndi mayeso a pakamwa a GCSE. Asankha anayi okha kuti tilembe msanga tikadali Year 9. Ndikaphonya, andichotsa."

"Tinamva kale! Tinamva kutchalitchi, tinamva pa Khirisimasi, mpaka okwera basi anamva. Bambo osatopa: 'Dyna wanga, Dyna wanga!'"

Miriam anabadwira ku Dedza kwa mayi wina. Bambo anabwera kuno ku London iye ali Fomu 1, ndipo Miriam anawatsatira ali wamkulu kale, n'kuyamba kusambitsa okalamba ku Croydon. Chifalansa nayenso ankachitafuna ngati nzimbe. Pa JC anaposa sukulu yonse, koma kalata ya bambo yomuyamikira sinabwere.

"Bweretsa chikwamacho."

"Ayi!"

Analimbirana, zipi inathetheka, mabuku n'kumwazika pansi. Pakati pa mabuku onyezimira a ku London panali kope lofiirira, lokutidwa ndi pepala la kalendala, msana wake womatidwa ndi selotepi. Miriam analitola, manja akadali a thovu. Zolemba zinali za Miriam yemweyo, Chifalansa chake cha kusekondale. Kope limeneli analifunafuna chaka chimene bambo anabwera kutchuthi ku Dedza, mpaka anamenya msuweni wake pomuganizira kuba.

"Walitenga kuti?"

"Adadi." Dyna anapukuta mphuno ndi dzanja. "Loweruka lililonse ankandikhazika patebulo apa. Sankamva ngakhale liwu limodzi, ankangofananiza zanga ndi zanu. Ndikapeza eyiti, amati, 'Apa Miriam anapeza teni.' Ndikapeza teni, amati, 'Koma Miriam analemba mwaukhondo, pa nyali ya koloboyi.' Zaka zitatu ndikupikisana ndi kope, asisi. Ndinkafuna ndikhoze kamodzi kokha kuti anene za ine osatchula inu."

Pabalaza nyimbo inatha, ina n'kuyamba. Miriam anatembenuza chikuto. M'kati mwake munali zilembo zikuluzikulu za bambo, zopendekera ngati basi yokhota: MWANA WANGA WOYAMBA. NAMBALA WANI DEDZA YONSE.

"Ndiye bwanji osandiuza ine?" anafunsa, koma osati kwa Dyna.

 Anapukuta manja pachitenje, n'kukoka mipando iwiri.

"Khala apa. Lachinayi ndikuperekeza ndekha, wolankhula alankhule. Koma ukandichititse manyazi uone."

"Mundifunsa mafunso?"

"Nanga afunse ndani? Wongola msana."

Dyna anakhala. Miriam anaika kopelo patebulo, nanyowetsa chala kuti atsegule tsamba loyamba. Pakona ya tsambalo panali pakuda kale, pofewa ngati nsalu yakale. Tsamba lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lomaliza. Anaika chala chake pomwepo, pamene chala chachikulu cha bambo chinkagwira, n'kutembenuza.