Msana wa Rozi

"Ponda cha m'munsimu, m'chiuno," anatero Elenala ali chafufumimba pa mkeka, nkhope atakwirira m'manja.

Rozi, mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi, anasuntha mapazi atagwirira mzati wa khonde. Imeneyi inali ntchito yake ya madzulo aliwonse pa nyengo yowokera mpunga. Mayi ake ankabwera kuchokera ku dambo atapindika ngati chikwakwa, ndiye mwanayo ankawayenda pamsana mpaka mafupa alire. Tsiku limenelo anangoponda kawiri n'kutsika. Anati nayenso msana ukumupweteka.

Elenala anaseka osadzutsa mutu. "Msana wake uti? Mwana alibe msana. Kwera."

Mawu amenewa sanayambe ndi iye. M'dera la kwa mfumu Mwambo aliyense anakula akuuzidwa choncho. Msana ndi matenda a akuluakulu, anthu oti anabereka, analima, anakankha njinga ya matemba kuchokera ku Kachulu mpaka ku Zomba. Mwana akautchula ndiye kuti waona ndowa ikumudikira. Rozi anakweranso n'kumaliza ntchito yake.

Bambo ake, Bizweki, anali chapafupi akusoka ukonde. Munthuyu anali atabwerako ku migodi ya ku Joni zaka ziwiri m'mbuyomo ndi zinthu zitatu: wailesi, jekete ndi chifuwa. Wailesi inafa, jekete inang'ambika, koma chifuwa chinakhala. Iye ankati ndi fumbi la mumgodi chabe, litha lokha. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi, iye akutsokomola, ana akupuma.

Mpunga unacha, unakololedwa, dambo linauma. Rozi ankatungabe madzi kawiri pa tsiku, n'kumaberekanso mlongo wake wakhanda, Medson. Za msana anazitchula kanayi kapena kasanu, kenako anasiya, poti pakamwa pamatopa kunena chinthu chimene anthu akuseka. Anayamba kuwonda. M'mawa nsalu yake yofunda inkapezeka yonyowa ndi thukuta. Anzake akamaponya fulaye iye ankangokhala pa chitsa n'kumawawerengera. Elenala anati ndi njoka zam'mimba, namuphikira mankhwala owawa.

Tsiku lina chipande chinagwa pansi, Elenala nauza mwanayo kuti atole. Rozi sanawerame. Anatsika pang'onopang'ono ali chilili, dzanja limodzi atatsamira pa bondo, n'kutola, kenako anakwera chimodzimodzi.

"Taonani agogo athu," anatero Elenala. "Tikusemereni ndodo kodi?"

Rozi anamwetulira, poti mayi ake anali akuseka.

Patapita sabata, pomutsuka kumbuyo, dzanja la Elenala linakhumudwa pa kanthu. Pakati pa msana panali kafupa kotuluka, kolimba, ngati mfundo ya nzimbe. Atakasindikiza, mwanayo anangoluma mlomo. Apa ndiye Elenala anachita mantha, koma mantha ake anamutengera kwa malume ake, a Jafeti, amene ankatema mphini asodzi onse odwala msana m'mbali mwa nyanja ya kwawoko. A Jafeti anayang'ana, nati mwanayo anaponda poipa. Anamutema mphini zisanu ndi imodzi mozungulira kafupako, napakapo mankhwala akuda. Mphini zinapola bwinobwino. Kafupako kanakula.

Mvula itabweranso, mbande za mpunga zitafika powokera, Rozi anagwa ndi ndowa panjira ya ku chitsime. Anati miyendo ikulemera. Tsiku lachitatu analephera kudzuka pa mkeka, ndipo mkekawo unali wonyowa, iye osadziwa kuti wadzikodzera.

Anamukweza pa njinga mpaka ku Kachulu, mayi ake akumugwira kumbuyo, njinga ikudumpha m'maenje. Pokwerera galimoto anyamata a chipani anafunsa makhadi a chipanicho. Bizweki anatulutsa anayi, ndi la khanda lomwe. Anakwera lole ya nsomba, Rozi atagona pa matumba a matemba, osalira, maso ali kumwamba.

Ku chipatala cha ku Zomba anamujambula. Amene anawalandira anali a Jameson, dokotala wa imvi wolankhula motsitsa. Anakanda mapazi a mwanayo ndi kiyi, mwanayo osagwedeza. Kenako anafunsa kuti msanawo unayamba liti.

"Mwezi wathawu," anatero Elenala.

A Jameson anakweza chithunzi cha mafupa pa windo. "Mayi, fupa silidyeka chonchi mwezi umodzi."

Elenala anayang'ana pansi nanena zoona, kuti chaka chakwana. Anadikira kuti amukalipire, ndipo akanakonda kukalipiridwa, koma a Jameson anangolemba. Anafunsa ngati pakhomopo pali wina wotsokomola. Yankho linachokera panja, pamene Bizweki ankatsokomola atatsamira khoma.

Dokotalayo anafotokoza mosathamanga. Anati chifuwa chachikulu sichikhala m'mapapo mokha, nthawi zina chimalowa m'mafupa, makamaka mwa ana. Mwa Rozi chinali chitadya mafupa awiri a msana, mafupawo n'kuphwanyika, n'kupanikiza mtsempha wopita ku miyendo. Ndowa ndi mbereko sizinabweretse matendawo, koma zinathandiza kuphwanyako. Anati msana wa Elenala ndi wa ntchito, wofuna kupumula, kuthowa ndi madzi otentha ndi kunyamula katundu atapinda mawondo. Koma mwana akadandaula msana kwa masabata, n'kumawonda, n'kumatuluka thukuta pogona, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Akanabwera chaka chatha, mankhwala okha akanatha kukwanira.

"Nanga pano?" anafunsa Elenala.

"Linundalo silichoka. Miyendo tiyesa. Ena amadzuka, ena ayi. Sindikulonjezani."

Anati mwanayo agone chagada m'chikhakha kwa miyezi yambiri, akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo pakhale munthu womudikirira, womutembenuza ndi kumusambitsa. Bizweki nayenso anamuyeza, namupeza ndi chifuwa chachikulu, namulembera mankhwala oti azikalandira ku chipatala chaching'ono cha kwawo.

Panja, mwamuna ndi mkazi anakhala pansi pa mtengo wa mango. Woyamba kulankhula anali Bizweki. Anati mbande zikukula ku nazale, zikapitirira sabata ziwiri sizigwiranso. Iye ndi chifuwa chakecho sangawerame m'madzi tsiku lonse, ndipo aliyense ankadziwa kuti munda umenewo unkayenda ndi msana wa Elenala. Popanda mpunga, banjalo lidzadya chiyani?

"Amake Rozi, madzi akatayika sawoleka. Mwamva nokha kuti sakulonjeza. Ngati n'kugona, akagone kunyumba. Kugona n'kumodzi."

Sanali munthu woipa, Bizweki. Ankalankhula akuyang'ana zikhatho zake, ndipo ankadziwa bwino kumene matendawo anachokera. Elenala anamvetsera mpaka kumapeto. Anayembekeza kuti mkwiyo ubwera, kapena misozi, koma sikunabwere kanthu. M'kati mwake munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

"Mundawo mukamupatse Eliza awokere chaka chino," anatero, kunena mng'ono wake. "Akadzakolola adzatiganizira. Akapanda kutero, basi."

"Ndiye njala imeneyo."

"Eya."

Bizweki anatenga kapepala kake ka mankhwala, napita kukadikira lole yobwerera ku nyanja.

Moyo wa m'chipatala suchedwa kuzolowereka. Elenala ankagona pansi pa bedi la mwana wake, Medson ali pambali. Ankaphika ku chisakasa cha odikirira odwala, pamene amayi anzake ankafunsana za matenda monga mmene anthu amafunsirana za mvula. Anaphunzira kutembenuza Rozi thupi lonse pamodzi kuti asatuluke zilonda, kumuikira chokodzeramo, kumudyetsa phala ali chigonere. Mwanayo anasiya kutuluka thukuta ndipo masaya anayamba kubwerera. Eliza anatumiza uthenga kuti mpunga wagwira bwino. Elenala anati zikomo.

A Jameson anamuphunzitsanso chinthu chimodzi choti azichita m'mawa uliwonse: kuvundukula mapazi a mwanayo, kutsina chala chachikulu, n'kufunsa ngati akumva. Anati ngati miyendo ikudzabwerera, idzayambira pamenepo. Rozi sankatha kuona mapazi ake chifukwa cha chikhakha, ndiye ankangoyang'ana kudenga n'kumayankha. Sabata yoyamba anati ayi. Yachiwiri ayi. Elenala ankagwedeza mutu, n'kufunditsanso mapaziwo, n'kupita kukachapa. Sankadandaula pamaso pa mwanayo, koma mwana wogona tsiku lonse alibe china choyang'ana kupatula nkhope ya mayi ake.

M'sabata yachisanu ndi chiwiri, Lachinayi m'mawa, Elenala anakweza bulangete monga mwa masiku onse. Medson anamukoka chitenje, iye natembenuka kuti amuchotse kadzanja. Ali chitembenukire, anamva mawu a Rozi.

"Ndikumva, amayi. Lero ndikumva."

Elenala anali asanamukhudze.

Anaima kaye, bulangete lili m'manja. Kenako anagwira chala chija, natsina mwamphamvu mpaka chikhadabo chinasiya mzere. Rozi ankamwetulirabe kudenga, akudikira kuti mayi ake asangalale.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero Elenala.

Anafunditsa mapaziwo bwinobwino, nabereka Medson, natenga beseni kupita kukachapa.